Dzuwa Likulowa, Nyemba Zikadali Pamoto

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yokwera pamadenga a eni. Ndinafika mu 2017 ndili ndi kapepala ka zamagetsi ka ku sukulu ya ntchito zamanja, koma zaka zoyambirirazo ndinkatchetcha kapinga ndi kusesa masamba m'mayadi a ku Randburg, monga timayambira Amalawi ambiri. Chimene chinandichotsa pa kapinga ndi mdima. Magetsi atafika pothimathima tsiku ndi tsiku mu 2022, aliyense wokhala ndi kangachepe ankafuna sola padenga pake, ndipo oika mapanelo ankasowa anthu owathandiza. Achimwene ena a ku Ntcheu, amene timapemphera nawo ku Turffontein, anandikokera pambali titaweruka n'kunena kuti, "Aphwanga, siyani chitchetcho chija. Bwana wanga akufuna munthu wodziwa kusiyanitsa waya wofiira ndi wakuda." Lolemba lake ndinali pamakwerero.

Amene munali kuno mu 2023 mukukumbukira. Chaka chimenecho magetsi ankazimitsidwa mosinthanasinthana masiku oposa 300, ndipo akati Stage 6, kutanthauza kuzimitsa kwa maola ambiri patsiku, tinkadziwa kuti firiji isungunuka, maloboti afa, ndipo pamphambano za misewu aziwongolera magalimoto ndi anyamata ogona mumsewu, madalaivala n'kumawaponyera timakobiri pawindo. Kwa ife inali nyengo yokolola. Tinkayamba m'mawa chisanu chikadali mbuu pamatailosi, n'kuweruka dzuwa litapendeka, Loweruka lomwe. Boma linathandiziranso polola kuti wogula mapanelo abwezeredwe pamsonkho gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake, mpaka R15,000. Pofika kumapeto kwa chakacho, mapanelo a pamadenga a nyumba, mashopu ndi mafakitale m'dziko muno ankayerekezedwa kuti aposa mamegawati 5,000. Nditamva nambala imeneyo ndinangoti kakasi, chifukwa ndi yoposa kakhumi magetsi onse amene mtsinje wa Shire umatipangira kwathu.

Panelo ndi chinthu chodekha kwambiri. Silitulutsa utsi, silichita phokoso, mulibe chozungulira. Ukalinyamula ndi galasi chabe la mafelemu a aluminiyamu, lolemera ngati ndowa yodzaza madzi, koma ukangolilozetsa kumwamba mita yoyezera imadumpha. Limakonda kuzizira kuposa kutentha, n'chifukwa chake mwezi wa June kuno, kumwamba kuli yeretu popanda kamtambo, limagwira ntchito mosangalatsa ngakhale masana ndi aafupi. Ndinayamba kuwerenga za chinthuchi usiku pafoni, poopa kuchita manyazi makasitomala akamandifunsa mafunso. Selo, ndiko kachidutswa ka mu panelo kogwira kuwala, yoyamba ya silikoni yogwiradi ntchito inapangidwa ku Bell Labs ku America mu 1954, ndipo inkasandutsa magetsi magawo 6 okha pa magawo 100 a kuwala kogwerapo. Amene timaika lerowa amaposa 20. M'malabu, asayansi akusanjikiza silikoni ndi zinthu zina zotchedwa perovskite ndipo apitirira 30, kungoti zimenezo sizinafike pokhalitsa padenga zaka 25 zikumenyedwa ndi matalala a mu November. Koma chachikulu chimene kafukufuku ndi mafakitale a ku China anachita ndi kugwetsa mtengo. Pakati pa 2010 ndi 2020 unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100. Lero pa invoisi ya kasitomala, mapanelo ndi amene amakhala otchipa. Ndalama zambiri zimapita ku batire.

Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yanga. Kupanga magetsi masana anthu anakudziwa kale, ndipo n'kotchipa kuposa kukumba malasha. Zimene zatsala ndi usiku, mawaya, ndi mphika. Za mphikazo ndifikako, chifukwa ndi zimene zimandisowetsa tulo.

Tsiku lina tinapita kukagwira ntchito ku eMalahleni, kumene kale kunkatchedwa Witbank. Dzina la eMalahleni limatanthauza malo a malasha, ndipo sananame. Ukamayenda mumsewu wa N12 umangoona milu yakuda, malole ataliatali ondondozana, ndi machumuni ofuka mbali zonse. Kufungo kwake pakhosi pamayabwa. Magetsi ambiri a dziko lino, pafupifupi magawo 80 pa 100, amachokera ku malasha, ndipo masiteshoni ambiri a Eskom, kampani ya boma ya magetsi, ali ku Mpumalanga komweko, monga Kendal, Duvha, Matla ndi Kusile. Chakum'mwera kwake kuli Secunda, kumene Sasol imasandutsa malasha kukhala petulo ndi dizilo. Ndili m'galimotomo ndinakumbukira agogo anga aamuna, amene anabwera kuno pa Wenela m'zaka za m'ma 1960 kudzakumba golide. Zikepe zimene zinkawatsitsira pansi ndi mapampu opopa madzi mumgodi zinkayendera moto wa malasha omwewa. Anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi. Ndiye ine mdzukulu wawo ndikudutsa dera lomwelo nditatsamira mapanelo kumbuyo kwa bakkie, sindikudziwa ngati agogowo akanaseka kapena akanapukusa mutu.

Musaganize kuti anthu a kumeneko amatiombera m'manja. Mnyamata amene ankatipatsira zida pa ntchito ija, bambo ake amagwira mumgodi wa malasha, ndipo anandifunsa mosapsatira kuti sola yathuyi idzalemba anthu angati tikamaliza kumanga mabawuti. Ndinalibe yankho labwino. Siteshoni ya Komati, imene inayamba kugwira ntchito mu 1961, inazimitsidwa mu October 2022, ndipo Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza ndalama zokwana madola 497 miliyoni zoti pamalopo paikidwe sola, makina a mphepo ndi mabatire. Izi zinadza pambuyo pa msonkhano wa ku Glasgow wa mu 2021, kumene mayiko olemera analonjeza South Africa madola 8.5 biliyoni kuti isiye malasha pang'onopang'ono, ambiri mwa iwo ngongole. Koma motowo unazima ntchito zatsopano zisanafike, ndipo amayi ogulitsa chakudya pageti ndi eni nyumba za lendi anangotsala manja ali m'khosi. Munda wa mapanelo ukatha kumangidwa umangofuna alonda, otsuka magalasi ndi amisiri owerengeka. Amene amalankhula za mphamvu zoyera ngati kuti aliyense apindula tsiku lomwelo sanakhalepo pa tawuni imene bwana wake ndi mmodzi.

Tibwerere ku usiku. Nthawi imene anthu amafuna magetsi kwambiri ndi madzulo, pamene aliyense wafika kunyumba, wayatsa chitofu, giza ndi hita, ndipo nthawi yomweyo dzuwa lapita. Kafukufuku wambiri wa masiku ano akulimbana ndi maola ochepa amenewa. Ku Northern Cape, kumene dzuwa limaswa mtengo chaka chonse, ayesa njira zingapo. Ku Bokpoort, pafupi ndi Groblershoop, magalasi opindika amasonkhanitsa kutentha n'kukusunga mu mchere wosungunuka m'mathanki akuluakulu, ndipo mcherewo umatha kuwiritsa madzi oyendetsa makina maola oposa 9 dzuwa litalowa. Njirayi imandikumbutsa amayi akafotsera moto ndi phulusa kuti m'mawa asakapale kwa aneba. Ku Kenhardt anasankha mabatire a lithiamu: mapanelo a mamegawati 540 ndi mabatire osunga mamegawati-awa 1,140, zomwe zinayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2023. Palinso njira yakale imene ine ndimaikonda chifukwa ngakhale mwana angaimvetse, ya ku Ingula m'mapiri a Drakensberg. Magetsi akachuluka amapopera madzi ku damu la pamwamba, akachepa amawatsegulira kuti atsike n'kuzunguza makina.

Ena akuyang'ana kutali. Kuyambira mu 2008 boma lili ndi pulogalamu ya kafukufuku yotchedwa HySA, yofufuza za hayidirojeni, mpweya umene umapezeka ukagawa madzi ndi magetsi. Chidwi chawo n'chomveka, popeza zipangizo zake zimafuna pulatinamu, ndipo pulatinamu wambiri wa padziko lonse ali pansi pa nthaka ya dziko lino. Ine za hayidirojeni ndimazimvera ndi khutu limodzi. Mwina adzathandiza mafakitale a zitsulo ndi feteleza, koma mphamvu yambiri imatayika posandutsa magetsi kukhala mpweya kenako mpweya kukhalanso magetsi, ndipo sindikuona tsiku limene azakhali anga adzaphikire zimenezo. Chimene ndikuchiyembekezera kwambiri ndi mabatire a sodiyamu, amene ayamba kupangidwa ku China, chifukwa sodiyamu ndi wa mu mchere, sasowa ngati lithiamu.

Za mawaya ndinena mwachidule. Akatswiri a ku CSIR, bungwe la boma la kafukufuku ku Pretoria, ndi anzawo anajambula mapu osonyeza kumene mphepo imaomba bwino, ndipo zinaoneka kuti ndi kumadera a ku Cape, kutali ndi Gauteng kumene kuli mafakitale. Nthambo zikuluzikulu zinamangidwa kuchokera ku malasha a ku Mpumalanga, osati kuchokera kuchipululu. Mu 2022 makampani anapikisana kuti amange minda ya makina a mphepo, koma palibe ngakhale imodzi ya mphepo imene inasankhidwa paulendowo, chifukwa nthambo za kumeneko zinali zitadzaza kale. Chimanga chacha m'munda koma mlatho wopita kumsika palibe.

Kwathu ndi ku Neno, kufupi ndi Zalewa. Ndinakula ndikuona nthambo zochokera ku Nkula zikudutsa pamwamba pa minda yathu, zikulira ngati njuchi nthawi ya mvula, ife tikuwerengera koloboyi. Chodabwitsa n'chakuti Malawi sadalira malasha popanga magetsi. Kuyambira pamene Nkula inatsegulidwa mu 1966, kenako Tedzani ndi Kapichira, magetsi athu ambiri ndi a madzi, amene azungu akuwatcha oyerawo. Ngakhale petulo wathu takhala tikumusakaniza ndi ethanolo wa ku nzimbe kuyambira mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, mayiko ambiri asanaganizeko n'komwe. Vuto lathu ndi lakuti mazira onse tinawaika mu mtsinje umodzi, ndipo anthu ambiri akumudzi nthambozo sizinawafike. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima kamodzin'kamodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lonse, ndipo kukonza kwake kunatenga nthawi yoposa chaka. Mwamwayi munda wa sola wa ku Salima, wa mamegawati 60, unali utangotsegulidwa kumapeto kwa 2021, ndipo mu 2022 kunabwera wa ku Golomoti ku Dedza, wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire ake. M'maganizo mwanga, dziko lokhala ndi nyanja yaikulu ngati yathu, ndi zitseko za madzi pa Liwonde, lili kale ndi theka la yankho la usiku: dzuwa ligwire masana, madzi asungidwe kuti agwire madzulo.

Koma zonsezi n'za anthu a m'tauni amene ali ndi mita pakhoma. Amayi anga alibe. Ndiye mu 2022, nditangolandira malipiro anga oyamba a ntchito yatsopanoyi, ndinathamangira m'tauni kukagula panelo loti nditumize. Apa ndiulule uchitsiru wanga. Ndinalowa mu shopu ina imene sinditchula, ndinaona panelo lolembedwa mawati 300 pamtengo wogwetsa, mtima n'kudumpha. Sindinaliyeze. Ndinalikulunga m'makatoni ndi bulangete, n'kulipereka kwa anyamata onyamula katundu pa basi. Patapita mwezi mlamu wanga anaimba kuti batire silikudzaza. Nditapita pa Khirisimasi ndi mita yanga ndinapeza kuti likutulutsa osafika ndi theka lomwe la zimene analemba. Chomata chinali chabodza, ndipo batire la asidi limene ndinagula limodzi nalo linali litafa kale chifukwa chokhalira njala. Ine wa ntchito yomweyi kundigulitsa mphaka m'thumba! Mapanelo otere adzaza m'misika ya kwathu, ndipo munthu akapsa kamodzi amauza mudzi wonse kuti sola ndi bodza. Labu yoyeza katundu wolowa pa Mwanza ndi pa Dedza ingatithandize kuposa misonkhano khumi ya m'mahotela a ku Mangochi.

Ulendo wachiwiri ndinachita mwanzeru. Panelo labwino la mawati 100, kabokosi koteteza batire, mababu anayi, ndi potchajira mafoni. Ndinaika ndekha padenga la malata, ana a m'mudzi ataunjikana pansi. Usiku woyamba amayi anazungulira nyumba yonse akuyatsa ndi kuzimitsa, kenako anati, "Iii, mwana wanga, kodi khoma langali ndi lakuda chonchi?" Tsopano adzukulu amawerenga usiku, ndipo aneba amabwera kudzatchaja mafoni n'kusiya kandalama kogulira mchere ndi sopo. Zimenezi si zochepa, ndipo wina asandiuze kuti ndi zochepa.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi utsi m'maso. Amayi anali kukhitchini, atawerama pa mafuwa, akupemerera moto pansi pa mphika wa nyemba, babu langa likuwala bwinobwino pamwamba pa mutu wawo pakati pa utsiwo. Ndinaima pakhomo n'kuyamba kuwerengera mumtima. Panelo la mawati 100, pa maola asanu a dzuwa lamphamvu, limapereka pafupifupi theka la yunitsi patsiku. Mbaula ya magetsi ya mbale imodzi imakoka mawati 1,000 kapena kuposa. Ndiye mphamvu yonse ya tsiku lathunthu ingathe m'mphindi 30, nyemba zisanayambe n'kufewa komwe. Kuunikira kumafuna kamphamvu kochepa zedi, koma kuphika ndi kumene kumadya moto, ndipo mabanja oposa 9 pa 10 alionse ku Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, kuphatikizapo a m'tauni amene ali ndi magetsi.

Amene mumadutsa pa Zalewa mumawaona matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu, ndi anyamata akukankha njinga zosenza matumba atatu kulowera ku Blantyre. Mlamu wanga uja ndi mmodzi wa owotcha makala. Sindingamuweruze, chifukwa fizi ya ana ake imachokera mu uvuni momwemo, ndipo wogula wake ndi bwana wa mu ofesi amene magetsi amuthimira nsima ili pamoto. Koma mapiri amene ndinkasakako mbewa ndili mwana lero ali mbee. Mvula ikagwa dothi lonse limatsetserekera mu Shire, matope ndi zinyalala n'kukatseka pamene makina a Nkula amamwera madzi, kuwonjezera pa namasupuni wochokera kumtunda. Makina akaima magetsi amazima ku Ndirande ndi ku Chilomoni, anthu n'kuthamangira makala, mlamu wanga n'kukadulanso mtengo wina. Galu akuthamangitsa mchira wake. Ndikamawerenga za kafukufuku wa mphamvu zatsopano, nkhani zambiri zimakhala za galimoto za magetsi ndi ndege. Mafuta amene dziko langa likufunika kusiya msanga si petulo ayi, ndi mtengo wa tsanya ndi mombo.

Alipo amene akufufuza za mphika, ngakhale satchuka. Mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene amayi ambiri amaumba okha, imachepetsa nkhuni ndipo ndi chiyambi chabwino, koma ikadali ya nkhuni. Pulogalamu ina yotsogozedwa ndi yunivesite ya Loughborough ku Britain yakhala ikuyesa kuphikira magetsi m'mayiko a mu Africa, ndipo chimene chawonekera n'chakuti pressure cooker ya magetsi imadya mphamvu yochepa kwambiri pa zakudya zochedwa kupsa. Chinsinsi chake n'chosavuta. Ndi poto wotsekeka ndiponso wokutidwa kuti kutentha kusathawe, ndiye akangowira amazima yekha n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Ndinagula wanga kuti ndione ndi maso. Kuchipinda kwanga ku Turffontein ndinazimitsa zonse, ndinalemba nambala ya pamita, n'kuthira nyemba zonyika usiku. Zinapsa mpaka kuphwanyika ndi chala pasanathe ola, ndipo pamita panachoka pafupifupi theka la yunitsi. Achimwene a ku Ntcheu aja analawa n'kuti, "Zapsa ndithu, koma nsima muphikira momwemo?" Tinayesa, chivundikiro chili chotsegula. Inatheka, ngakhale mthiko unkakanda pansi ndipo potoyo ankaterereka patebulo moti mmodzi ankagwira wina akuvundula. Amene anamupanga sankaganiza za munthu wotakasa nsima ya anthu asanu ndi atatu. Apa ndi pamene ndimalakalaka ophunzira a ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuni atapatsidwa ndalama zokwanira n'kupanga poto wa pansi polimba, wokhala ndi zogwirira, woyendera batire mwachindunji. Nzeru zilipo. William Kamkwamba anamanga makina a mphepo ku Wimbe ku Kasungu ali ndi zaka 14, ndi zidutswa za njinga ndi zotola kudzala.

Kuti potoyo agwire ntchito kwa amayi pakufunika mapanelo ena anayi kapena asanu, inveta (kabokosi kosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba) yopirira mawati 1,000, ndi batire la lithiamu. Mapanelowo si vuto, ndikhoza kugula mwezi uno. Batire ndi limene likundiyimitsa, chifukwa mtengo wake ndi malipiro anga a mwezi wathunthu ndi kuposerapo, ndipo chiyambire pamene kuthimathima kunachepa mu March 2024 ntchito za pamadenga zatsika, masabata ena timangokhala. Njira ina ndi yoti aziphika masana dzuwa lili paliwombo, batire likhale laling'ono, koma masanawo amayi amakhala kumunda, ndipo chakudya chachikulu ndi chamadzulo. Ndiye potoyo ali m'katoni mwake pansi pa bedi langa, pambali pa sutikesi.

Lamlungu lapitali ndinawaimbira amayi pa WhatsApp, pafoni ya mchemwali wanga yotchajidwa ndi panelo lomwe lija. Ndinawafotokozera zonse, za nyemba za ola limodzi, za batire, za ulendo wanga wa mu December. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa ngati poto wotseka choncho sangaphulike, ndiponso ngati nyemba zake zimamveka kukoma popanda kafungo ka utsi. Ndinati ndidzabwera nazo adzalawe okha.

"Chabwino, bambo, tidzaona," anatero. "Koma dula kaye foniyi. Dzuwa likulowa kuno, ndipo moto wanga ukuzima."